Lachinayi, kwa achemwali ku Chankhanga

Lero ndinalawirira pa kabaza kupita kwa achemwali, chifukwa ukafuna kucheza nawo bwinobwino uzifika kusanatenthe. Ali ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, anawapeza nawo atakajambulidwa pa MRI ku Queens ku Blantyre, ndipo chomwe chimawawawa kwambiri si miyendo ayi, ndi mawu. Munthu amene ankayambitsa nyimbo kukwaya ya amayi uja.

M'mawa zinali bhobho, tamwa tiyi ndi mbatata uku akudandaula za mtengo wa feteleza. Koma cha m'ma 11 dzuwa la Okutobala litayamba kuswa mtengo mawu anayamba kusasa, kenako kutsika mpaka ndinachita kusendeza mpando kuti ndimve. Akatopa amayankhula moduladula, "ndi-pa-tse ma-dzi", lilime kulemera, mpweya n'kuwathera chiganizo chisanathe.

Vuto lake asilikali a m'thupi amaukira kachikuto ka mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana, ngati waya wamagetsi woti makoswe adya pulasitiki yake, ndiye uthenga wopita ku lilime, milomo, kholingo ndi minofu yopumira umafika mochedwa mwinanso osafika. Thupi likatentha kapena akatopa zimanyanya, kukazizira amabwereramo. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anafotokoza matendawa mu 1868 ndipo kuyankhula koduladulaku anakuona kale nthawi imeneyo. Amagwira amayi kuposa abambo, kawirikawiri amayamba pakati pa zaka 20 ndi 40, komanso si opatsirana, izi ndikunenera aneba ena omwe amaopa kumwera kapu imodzi ndi iwo.

Nde kunabwera mayi wogulitsa tomato, achemwali akuti anenerere mtengo, mayi uja kuseka amvekere "koma amayi mwalawira kachasu?" Ine magazi anawira eti. Eni ake anangogwedeza dzanja kuti msiye, analemba mtengo wawo pa foni n'kumuonetsa, ndipo anamutsitsadi, mayi uja anachoka ndi manyazi ataikanso banyira.

Koma amene amawapsetsa mtima zenizeni ndi alamu, chifukwa chachikondi chomwecho amawamalizira ziganizo. Akangoti "mawa ndikufuna..." alamu aja "kuchipatala?" pomwe iwo amati kumsika. Lero anawayang'ana, anakoka mpweya wambiri, n'kunena pang'onopang'ono kuti "abambo, mutu wanga uli bwino, ndidikireni." Tonse phwete, alamu omwe.

Pa nsima palibe macheza, minofu yomezera ndi yomweyi ndiye amatsamwa msanga. Amakhala tsonga, mbamu zing'onozing'ono, wailesi yozimitsa. Atatha ndinawanyowetsera chitenje n'kuwaika m'khosi, anagonako, cha m'ma 4 mawu anali atabwerako moti anandikalipira momveka bwino kuti ndasiya kupita kutchalitchi.

Loweruka ndikayang'ana kafani kochaja kaja kumsika, bola mtengo wake usakhale wamisala.