Sabata ya goloboyi mu ligi ya amayi ku Sweden

Damallsvenskan, ligi yayikulu ya amayi ku Sweden, ili ndi matimu 14. Imayamba cha mu Malichi kapena Epulo kuzizira kusanathe, n'kutha mu Novembala, ndipo mabwalo ambiri ndi a kapinga wochita kupanga. Zinthu ziwirizi ndizo zimatiuza ife aphunzitsi a magoloboyi mmene tigawire ntchito masewero akakhala Lamlungu.

Lolemba, amene anasewera sadziponya pansi ngakhale kamodzi. Amapalasa njinga mphindi 20, kenako timakhala naye pa kanema. Timayimitsa kanemayo pomwe phazi la mdani lakhudza mpira, n'kuyang'ana mapazi a goloboyi: ali pansi onse awiri, kapena akadali m'malere? Zigoli zambiri zomwe anthu amadzudzula manja zimayambira pamenepa. Anzake omwe anakhala pa benchi ndiwo amakhetsa thukuta tsikuli. Zećira Mušović, goloboyi wa ku Sweden, anakhala nthawi yaitali pa benchi kumbuyo kwa Ann-Katrin Berger ku Chelsea, koma pa World Cup ya 2023 ku Melbourne, akusewerera Sweden, anatchinga mipira 11 ya United States mpaka masewero anapita ku mapenate. Goloboyi wachiwiri wosiyidwa kumbali sangachite zimenezo. Lachiwiri ndi lopuma.

Tsiku lolemera ndi Lachitatu. Golo la amayi ndi lofanana ndi la abambo, mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kupita m'mwamba, pomwe amayi ambiri ndi ocheperapo msinkhu. Zimene msinkhu wamana, miyendo ndiyo iyenera kulipira. Goloboyi aime mapazi motalikirana ngati mapewa ake, thupi likhale pa zala za kumapazi, manja cha m'chiuno, mutu utapendekera kutsogolo pang'ono. Mpira ukamenyedwa, phazi la mbali imene ukupita liponde mopingasa cha kutsogolo, kenako ndiye kudziponya. Amene amaponda chobwerera m'mbuyo amaugwira ndithu mpirawo, koma amaukankhira mu ukonde yekha. Timamenya mipira inayi kapena isanu ndi umodzi, n'kumupatsa mphindi imodzi yopuma. Akatopa amayamba kugwera pa chigongono m'malo mwa mbali ya thupi, ndipo phewa limavulala motero. Pa kapinga wopangayu kudziponya kopitirira 40 pa tsiku n'kuwononga chiuno chabe. Kabudula wokhala ndi siponji m'mbali ndi malaya a manja aatali n'zosakambirana, chifukwa kapingayu amasenda khungu. Akanyowa, mpira sudumpha, umatsetsereka mwaliwiro, choncho mipira yapansi timaiyeserera titathira madzi.

Lachinayi ndi la mipira ya m'mwamba komanso kukumana ndi mdani awiriwiri. Pa kona, goloboyi afuule msanga kuti anzake amupatse njira, anyamuke ndi mwendo umodzi, bondo linalo likumuteteza. Pakakhala chipwirikiti aumenye ndi nkhonya ziwiri upite kutali ndi kumbali, osati pakati. Za awiriwiri, a mu ligi muno akumukumbukirabe Tabitha Chawinga, yemwe mu 2017 anamwetsa zigoli 26 ali ku Kvarnsvedens IK ya ku Borlänge. Wosewera waliwiro chotero sumuthamangira chisawawa. Mpira ukatalikira phazi lake, yandikira. Akaukhudza, ima, udzitambasule. Ukagwa msanga wakulambalala.

Lachisanu timagwira za kumapazi. Kuyambira mu 2019 mpira woyambira pa golo (goal kick) ungalandiridwe mkati mwa bokosi, ndiye amayamba masewero ndi iyeyo. Ayang'ane bwalo mpira usanamufike, aulandire ndi phazi lakutali ndi mdani. Lamulo la mu 2025 likuti akaugwira kupitirira masekondi 8, adani amapatsidwa kona.

Loweruka ndi mphindi 45 basi, makamaka mapenate. Mpira umachoka pa mamita 11, ndipo phazi limodzi lisachoke pa mzere mpirawo usanamenyedwe. Timaonera mmene omenya a timu inayo amathamangira ndi komwe phazi lopondera limaloza, koma zomuuza goloboyi zisapitirire ziwiri pa munthu aliyense. Hedvig Lindahl, yemwe anasewerera Sweden masewero 189, anagwira penate ya Alex Morgan wa United States pa Olimpiki ya 2016, kenako ziwiri za Brazil pa bwalo la Maracanã, Sweden n'kutenga mendulo yasiliva.

Magolovesi amachapidwa m'madzi ofunda pang'ono, n'kuwumitsidwa pamthunzi. Oyanikidwa pa chitsulo chotenthetsa nyumba amauma gwa, mphira wake n'kung'aluka. Oyeserera akhale ena, a masewero ena.

Lamlungu timatuluka mphindi 40 masewero asanayambe, anzathu asanatuluke: mapazi, mipira ya pachifuwa, yapansi, ya m'mwamba kuchokera mbali zonse ziwiri, kenako osewera kutsogolo amenye. Magolovesi awanyowetse pang'ono kuti amate. Kukazizira timamuveka jekete mpaka oyimbira ataitana, ndipo pa nthawi yopumulira timamuponyeranso mipira ingapo, chifukwa goloboyi wa timu yomwe ikupanikiza amatha kuima mphindi 20 osakhudza mpira, zala zitachita dzanzi.