Masilinda 12 pa ulendo wa kuntchito

Pali mtundu wa galimoto umene anthu a ku Ulaya anaupangira munthu woti wadzuka ku Paris ndipo akufuna kukagona ku Monaco msana usanayambe kudandaula. Amautcha GT. Zitseko ziwiri zazitali, boneti yoti munthu n'kugonapo, injini yaikulu, mipando yachikopa, ndiye kumbuyo timipando tiwiri tongosonyeza kuti opanga anamvapo zoti anthu ena ali ndi ana. Ambiri amati mtunduwu unayamba ndi Lancia Aurelia B20 ya mu 1951. Pambuyo pake panabwera zija tinkangoziona pa zithunzi n'kumeza malovu: Jaguar XK8 mu 1996, Bentley Continental GT mu 2003, Aston Martin DB9 mu 2004, Maserati GranTurismo mu 2007.

Chimene chimatipweteketsa ife anthu wamba n'chakuti magalimoto amenewa amagwa mtengo moopsa. Ikangokwana zaka 15, galimoto imene inkagulidwa ndi eni mafakitale imatsika mpaka kufanana mtengo ndi kagalimoto katsopano kopanda ulemu uliwonse. Ukaona zimenezo pa intaneti pakati pa usiku, tulo timathawa.

Yanga sinditchula dzina, chifukwa ilibe mlandu. Ndingonena kuti ndi yakuda, ili ndi masilinda 12, ikulemera kuposa matani awiri, ndipo ukatseka chitseko phokoso la kunja limangoti zii. Akazi anga anaizungulira kamodzi, nasuzumira kumbuyo.

"Bambo, ana azikhala pati?"

"Mipando ilipo inayi, mayi. Werengani."

"Mipando ndayiona. Ndikufunsa za miyendo."

Ndinawayankha kuti ana amapindika. Ndipo anapindikadi, wamkulu mawondo kuchibwano, wamng'ono chammbali, mpaka tsiku limene wamkuluyo anapempha yekha kuti azipita kusukulu wapansi kuti alimbitse thupi.

Moyo wa tsiku ndi tsiku unali ndi tizinthu take. Poimika magalimoto, chitseko chachitali chija sichitseguka mokwanira pakakhala galimoto ina pafupi, choncho ndinaphunzira kutuluka chammbali nditakoka mimba, phazi limodzi kaye, kenako phewa, mutu pomaliza. Anthu amene anandiona ndikufika mwaulemerero ankandionanso ndikutuluka choncho. Pa hampu ndinkakwera mopingasa, tayala limodzi limodzi, amzanga kumbuyo akuliza mahutala, ine ndikumvetsera ngati pansi pakhula. M'tauni kompyuta ya pa dashibodi inkaonetsa malita opitirira 20 pa makilomita 100, ndipo ndinapeza batani losinthira kuti izionetsa nthawi basi. Galimotoyi imakhala pa zikwama za mpweya m'malo mwa masipuling'i, ndipo chimodzi chakutsogolo chinkataya mpweya pang'onopang'ono usiku, moti m'mawa ndinkaipeza itagwada bondo limodzi. Ndikailiza, kapampu kankalira, galimoto n'kudzuka. Aneba ankati imandipatsa moni.

Makaniko wanga ndi munthu wa mawu ochepa. Ulendo woyamba anatsegula boneti, nayang'ana kwa nthawi yaitali osagwira kanthu, kenako anati, "Bwana, chatsika mtengo ndi galimoto. Mapulagi, matayala ndi mabuleki nkhaniyo sanaimve." Atandifunsa kutalika kwa ulendo wanga wa kuntchito ndinamuuza kuti ndi pafupi, nyimbo ziwiri ndafika. Anapukusa mutu. Anafotokoza kuti kuliza injini yaikulu chonchi kumakoka moto wambiri m'batire, ndipo alternator, imene imatchaja batire injini ikamalira, imafuna ulendo wautaliko kuti ibweze motowo. Ine ndinkazimitsa injini isanatenthe n'komwe. Kuwonjezera apo, galimoto yotere sigona tulo tenitweni ngakhale itatsekedwa: alamu ndi timakompyuta take timanyambita batire usiku wonse. Anaika mita, nandionetsa. Batire labwino lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, langa linali litatsika kale pansi pa 12. Anati ndigule katchaja kolumikiza kukhoma usiku. Ndinati mwezi wamawa, poti mwezi umenewo ndinali nditagula tayala.

Ndiye kunabwera apongozi anga aakazi kudzacheza. Masiku onse amene anakhala nafe galimoto sinayende kwenikweni, chifukwa kuti iwo akhale kutsogolo akazi anga anayenera kupindika kumbuyo, ndipo akazi anga anati iwo si ana. Koma tsiku lobwerera ndinalumbira kuti ndiwaperekeza ndekha ku bwalo la ndege. Msewu wake ndi wautali, wosalala, ntchito yeniyeni imene galimotoyi inabadwira. Madzulo ake ndinaitsuka, ndinapaka mankhwala pa zikopa, ndinayatsa timagetsi tam'kati kuti ndione bwino popukuta dashibodi, wailesi ikuimba.

M'mawa kusanache bwino tonse tinali panja. Apongozi atavala bwino, chikwama chawo m'manja, masutikesi awiri pambali. Ndinatulutsa limoti mokweza dzanja pang'ono kuti aone, n'kudina.

Zii.

Ndinadinanso. Ndinayandikira. Ndinaloza limoti kuchibwano, poti ndinamva kuti zimathandiza. Galimoto inangokhala phee, itagwada bondo lake lija.

"Kodi yagona?" anafunsa apongozi.

"Ayi amayi, ndi chitetezo chabe. Magalimoto awa ali ndi chitetezo chambiri."

M'kati mwa limoti mumakhala kakiyi kachitsulo kobisika. Ndinakasolola, ndinapeza kabowo, chitseko chinatseguka monyinyirika. Magalasi a galimoto zotere alibe felemu, ndiye potsegula galasi limayenera kutsika lokha pang'ono kuti lichoke m'labala. Popanda moto silinatsike, linangokhula labalayo kuti khwee, mtima wanga n'kukhula nawo limodzi. M'kati munali mdima. Dashibodi sinaphethire n'komwe.

Nkhani ya batire lakufa si yoopsa kwa munthu aliyense woyendetsa galimoto. Umapeza mnzako, mawaya awiri, basi. Koma batire la galimoto yanga lili m'buti, poti kutsogolo injini inadya malo onse, komanso amati kulemera kugawanike bwino. Buti imatseguka ndi batani lamagetsi. Magetsi ali m'batire. Batire lili m'buti. Ndinaima pamenepo ndikuzungulira mfundo imeneyi m'mutu, osapeza polowera. Ndinati ndione buku la galimoto, mwina muli njira. Bukulo limakhala m'kabokosi kakutsogolo kwa mpando wa wokwera, ndipo kabokosiko nakonso kamatseguka ndi batani.

"Bambo, ndikadzutse aneba?" anatero akazi anga.

"Musavutitse anthu, mayi. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri."

Ndinali nditakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba, pakati pa timipando takumbuyo pali kachitseko kolowera kubuti, kamene anakaika kuti anthu opita kumapiri a chipale chofewa azilowetsapo matabwa awo otsetserekera. Chachiwiri, ndinawerengapo kuti ku America, kuyambira mu 2001, lamulo limafuna kuti m'buti mukhale kachogwirira kowala mumdima koti munthu wotsekeredwa adzitsegulire. Ngati yanga inali nako, dzanja lokha likanakwanira.

Ndinapinda chotsamira cha mpando wa dalaivala. Mpando weniweniwo sunasunthe, poti umayenda ndi moto. Ndinalowa chamutu pa kampata kotsalako, nditavala suti. Ndinatsegula kachitseko kaja, ndinalowetsa dzanja, chigongono, mpaka phewa. Ndinapapasa. Ndinagwira kapeti, ndinagwira ambulera imene ndinaisowa kalekale, kachogwirira ayi. Ndinadzikankha pang'ono ndi phazi kuti ndifike patali, phazilo linaponda chotsamira chija, ndipo chinabwerera m'malo mwake kuti kha!

Nditati ndibweze dzanja, mkono wa jekete unakola pa kachitsulo ka loko. Mimba inali itadzaza malo amene opanga anawatcha oika miyendo. Tsaya linali pa chikopa chimene ndinapaka mankhwala dzulo lake, miyendo m'mwamba pakati pa mipando yakutsogolo ngati nkhuku yomangidwa. Fungo la chikopa chenicheni ndi labwino, zimenezo ndivomere, ndinali ndi nthawi yokwanira yolinunkhiza.

"Mwaipeza?" Mawu a akazi anga ankamveka kutali. Ndinanena kale kuti galimotoyi siilowetsa phokoso. Ndinazindikira m'mawa umenewo kuti siitulutsanso. Ndinakuwa kuti andikoke, iwo anamva kuti ndatsala pang'ono.

Aneba anabwera okha, atavala zogonera ndi masilipasi, mawaya ojampira batire ali paphewa. Ndi bambo wachikulire, wopuma pantchito, ndipo ali ndi kagalimoto ka masilinda atatu kamene ndinkakayang'ana mwachifundo. Anasuzumira pachitseko, naona nsapato zanga.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu," ndinayankha kuchokera pansi.

Sanafunse zambiri. Anagwada, nakoka kachitsulo kotsegulira boneti, kamene kamagwira ndi waya wamba wosafuna magetsi. Boneti inati phwa. Pambali pa injini panali kachivundikiro kofiira kokhala ndi chizindikiro cha +. Magalimoto ambiri okhala ndi batire kumbuyo amawaikira malo amenewa dala, kuti munthu asakwawe m'mipando atavala suti. Anabweretsa kagalimoto kawo, nalumikiza lofiira pofiira, lakuda pachitsulo cha injini.

Galimoto yanga inadzuka yonse nthawi imodzi. Alamu inalira, magetsi onse akuphethira, wailesi inapitiriza pamene inalekera dzulo, kapampu ka mpweya kanayamba kudzutsa bondo lija. Ndipo mpando wa dalaivala, umene umakumbukira kakhalidwe ka mwini wake, unakumbukira kuti ine ndine wamtali. Unayamba kubwerera m'mbuyo mwaulemu, pang'onopang'ono, kulunjika nthiti zanga.

Sindikudziwa mawu amene ndinatulutsa. Akazi anga amati sanali a chilankhulo chilichonse. Anathamanga, natola limoti pamene ndinaisiya, nayamba kudina mabatani onse. Alamu inasiya. Magalasi anatsika. Buti inatseguka yokha, mwapang'onopang'ono monga inapangidwira, pamaso penipeni pa apongozi amene anali chiimire kumbuyo ndi masutikesi awo.

M'butimo munali ambulera, ndi dzanja la mkamwini wawo likutuluka m'khoma, zala zikugwedera.

Anthu a msinkhu wawo sadabwa msanga. Ndinamva akuuza aneba kuti ayese sutikesi yaikulu. Sinalowe. Anayesa chopingasa, inakana, ndipo inandiponda zala. Pamenepo aneba anatsokomola, nati nthawi yatha ndithu, ndipo kagalimoto kawo kali kale kunja, mipando yakumbuyo imapindika. Masutikesi onse awiri analowa mmenemo, malo n'kutsalako.

Kenako ndinamva dzanja lofewa likugwira langa m'buti muja, n'kuligwedeza bwinobwino.

"Tsalani bwino, bambo. Mwatisunga bwino kwambiri. Musavutike kutuluka."

"Muyende bwino, amayi," ndinayankha m'chikopa.

Atasiya dzanja ndinamva kuti mwatsala kanthu kopindapinda. Inali ndalama yapepala.

Aneba anachotsa mawaya awo chifukwa ankanyamuka, ndipo galimoto inafanso nthawi yomweyo, mpando uli pomwe unafika. Akazi anga anapita nawo kukaperekeza. Amene ananditulutsa ndi mwana wanga wamkulu, amene amadziwa bwino mapindikidwe a kumbuyoko. Anandiuza modekha kuti ndiyambe ndi bondo lamanzere, nditulutse mpweya wonse, ndisiye jekete. Jeketelo linatsala mmenemo likulendewera theka m'buti theka m'kati mpaka makaniko atabwera masana ndi batire latsopano.

Makanikoyo sanaseke. Anangofunsa ngati mwezi wamawa uja wakwana. Anandiuzanso kuti kamodzi pa sabata ndiziitulutsa pa msewu waukulu iyende ola lathunthu, ndipo Loweruka lotsatira ndinatero. Apa ndiye ndinene chilungamo kwa onse amene amandiseka. Pa msewu wotambasuka, injini itatentha, galimoto ija imasanduka chinthu china. Sikuwa, sinjenjemera, phiri imalikwera osasintha mpweya, ndipo mafuta imamwa mwaulemu kusiyana ndi m'tauni. Ndinayenda mtunda wautali popanda kumene ndinkapita, ndinatembenuka, ndinabwerera msana uli bwinobwino. Aliyense amene anaipanga ankadziwa ntchito yake.

Ndalama ya apongozi ndinaonjezera n'kugula katchaja kaja. Waya wake umachoka pa soketi ya m'chipinda chochezera, kudutsa pawindo, kukalowa m'buti. Usiku woyamba ndinatuluka kangapo kukaona kagetsi kake kobiriwira. Lolemba m'mawa ndinadina limoti, galimoto inayankha msanga, injini inalira kamodzi kokha. Ndinabwerera m'mbuyo monyadira, ndikukweza dzanja kwa aneba amene ankathirira maluwa. Ndinamva kaphokoso kenakake kumbuyo, koma galimotoyi siilowetsa phokoso.

Foni inalira ndisanafike pa hampu yoyamba.

"Bambo," anatero akazi anga, "soketi mwatenga, katani mwatenga. Mubwerera kudzatenga windo, kapena tikutumizireni kuntchito?"