Internship ya clinical psychology ku America uli pa visa ya F-1: mmene ndinadutsira

Ndayamba kupuma tsopano. Malo ndinawapeza, tsiku loyamba ntchito ladziwika, ndipo anzanga akumudzi amene akuchita PhD kapena PsyD ya clinical psychology kuno ku America akhala akundifunsa kuti zinayenda bwanji. Ndilembe kamodzi, ndisamabwereze pa WhatsApp usiku uliwonse. Zoti muzikhoza m'kalasi, zoti proposal ya dissertation ikhale itavomerezedwa, zoti CV ikhale yosamalidwa bwino, sindikhalitsapo, aphunzitsi anu akuuzani kale mpaka makutu kuwawa. Chimene sanena n'chakuti njira yonseyi anaikonza akuganizira mwana wobadwira ku Ohio, ife a visa ya F-1, visa ya ophunzira ochokera kunja, tinangolowamo.

Kwa amene simukuzidziwa: chaka chomaliza cha digiri imeneyi umakagwira ntchito m'chipatala kapena pamalo ena othandiza anthu ovutika maganizo, chaka chathunthu, maola cha m'ma 2,000, ukuyang'aniridwa ndi akatswiri amene ali kale ndi ziphaso. Ukapanda kutero digiri sakupatsa, dissertation uilembe mokoma bwanji. Ndipo malowo sumangopita kukagogoda. Bungwe la APPIC ndi limene limayendetsa zonse ku America ndi ku Canada, fomu yake ndi imodzi yotchedwa AAPI, ndipo kugawa anthu kumachitika pa kompyuta ya kampani ya National Matching Services ya ku Toronto. Iwe umandandalika malo amene ukuwafuna kuyambira okonda kwambiri, malowo nawonso amandandalika anthu amene akuwafuna, kompyuta n'kulumikiza. Amati Match. Kumene yakuponyera ndi komweko, chifukwa polembetsa umakhala utavomera kale kuti udzapita. Mfundo imeneyi muisunge, ndi imene inandisowetsa tulo.

Maola. Ngati muli chaka choyamba kapena chachiwiri, yambani lero kulemba ola lililonse la practicum, ntchito yothandiza odwala imene timachita tikadali pa sukulu. AAPI siifuna nambala imodzi yokha ayi. Imafuna ugawe maola amene unakhala maso ndi maso ndi wodwala, maola oyeza anthu ndi mayeso, maola a supervision, odwalawo anali a misinkhu iti, mayeso oyeza nzeru a WAIS unawagwiritsa ntchito kangati, oyeza umunthu a MMPI kangati. Imafunsanso malipoti amene amati integrated, kutanthauza lipoti lokhala ndi mbiri ya munthu, zimene munakambirana, ndi zotsatira za mayeso osachepera awiri. Ambiri timasunga zonsezi mu pulogalamu ya pa intaneti ya Time2Track. Ukamaliza, mkulu woyang'anira maphunziro a kuchipatala pa dipatimenti yanu, DCT, ayenera kutsimikizira kuti maolawo ndi oona ndiponso kuti wakonzeka. Munthuyu ali ndi kalasi yonse pamutu, ndipo malo ambiri amatseka kulandira mafomu kuyambira pa 1 Novembala mpaka chapakati pa mweziwo. Mukamupatsa sabata yomaliza ya Okutobala, musadzadandaule.

Posankha malo m'pamene ndinayamba kuona kuti ndine mlendo. Anzanga a m'kalasi ankakamba za zipatala za VA, za asilikali opuma ntchito, mosangalala, ndipo ndi zoona kuti kumeneko kuli malo ambiri komanso maphunziro ake ndi abwino. Koma VA imalemba nzika za America zokha. Ndende za boma lalikulu chimodzimodzi, za usilikali ndiye osanena. Ku Canada nako amayamba aona nzika zawo ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika. Choncho mukatsegula Directory ya APPIC, musanawerenge n'komwe za malipiro kapena za mzinda wake, yang'anani kaye mzere wonena za unzika. Mndandanda wanga unafupika madzulo amodzi okha. Ndinatsala ndi malo opereka uphungu a m'mayunivesite, zipatala zophunzitsira, zipatala za ana ndi malo othandiza anthu a m'madera. Ndipo onetsetsani kuti malowo ndi ovomerezeka ndi APA, bungwe la akatswiri a psychology ku America, chifukwa mabungwe opereka ziphaso m'zigawo zambiri ndi olemba ntchito amayang'ana zimenezo.

Chaka changa nkhani zolemba zinali zinayi, iliyonse mawu osapitirira 500: mbiri yako, nzeru imene umatsatira pothandiza odwala, mmene umagwirira ntchito ndi anthu a zikhalidwe zosiyanasiyana, ndi kafukufuku wako. Ya mbiri ndi imene inandivuta. Aliyense amene anaiwerenga ankafuna ndiwonjezere umphawi ndi misozi, ngati kuti munthu wochokera ku Malawi alibe nkhani ina. Ndinakana. Ndinalemba za mmene kwathu munthu wovutika maganizo amayambira kwa abusa kapena kwa asing'anga, n'kudzafika ku Zomba Mental Hospital zinthu zitafika kale poipa, ndi mmene zimenezi zinandiphunzitsira kufunsa wodwala kuti iye mwini akuganiza kuti chamuchitikira n'chiyani ndisanatulutse dzina la matenda. Pa ma interview ambiri anandifunsa za ndime imeneyi. Kupatula apo pali kalata ya malo alionse payekha, makalata atatu a okuchitirani umboni, ndi ma transcript amene ayenera kutumizidwa msanga. Fomu iliyonse imene watumiza umalipira, kulembetsa Match umalipiranso. Malangizo amene amaperekedwa ndi akuti malo 11 mpaka 15 ndi okwanira, ndipo ine ndinakhala momwemo.

Tsopano nkhani imene inandipsetsa mtima. Ife a F-1 internship timaichita ndi chilolezo cha CPT, chimene ofesi ya ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yako imalemba pa I-20, chikalata chosonyeza kuti ndiwe wophunzira wa F-1. Lamulo lake n'loti ukachita CPT ya tsiku lonse, ndiye kuti ya maola oposa 20 pa sabata, kwa miyezi 12 kapena kuposa, OPT yako yapita. OPT ndi chaka chimodzi chimene umaloledwa kugwira ntchito ukamaliza digiri. Kwa ife chaka chimenecho si chokometsera, ndi chimene umachitira postdoc, kusonkhanitsa maola amene zigawo zambiri zimafuna usanapatsidwe chiphaso, uku ukukonzekera mayeso a chiphasocho otchedwa EPPP. Ndiye taonani: internship imatenga chaka chathunthu. Kalata ikanena kuti uyamba pa 1 Julayi n'kumaliza pa 30 Juni, miyezi 12 yakwana ndendende, OPT yathera pomwepo. Tsiku limodzi lokha likhoza kukudyera chaka.

Ndinapita ku ofesi ija kumayambiriro kwa Januwale kuti andiuze mmene iwo amawerengera masikuwo. Ndinali nditasintha odwala anga onse a tsiku limenelo ku practicum, chinthu chosapepuka, chifukwa wina anali atangoyamba kumene kumasuka nane. Kunja kunali chipale chofewa, basi inachedwa, ndinafika mapazi atachita dzanzi. Pa kauntala mtsikana wina, wophunzira mnzathu wogwira ganyu, anandipatsa kapepala kokhala ndi adiresi ya imelo. Ndinamuuza kuti imelo ndinalemba kale, yankho limene ndinalandira ndi lija lobwera lokha. Anati ndikhale pansi. Ndinakhala pa mpando wapulasitiki moyang'anizana ndi khoma lodzaza timbendera ta mayiko, ka Malawi kali pakona, dzuwa lake lofiira litasuluka. Anthu amene anabwera pambuyo panga analowa n'kutuluka. Dzuwa litapendeka, anandiitana.

Bambo amene ndinawapeza anali aulemu, izi ndisawanamizire. Anamvetsera, akugwedeza mutu, kenako anati, "Mudzabwere mukalandira kalata ya ntchito, ndipo tidzaona."

Ndinati, "Pepani bambo, kalatayo imabwera Match itatha. Ikatha sindingakanenso. Ndikufuna kudziwa panopa, ndisanapereke mndandanda."

"Ndiye mudzakane malowo ngati masiku ake sakugwirizana."

"Sizikanidwa, bambo."

"Ntchito iliyonse munthu akhoza kukana."

Apa ndinangoti kakasi. Iwo m'mutu mwawo munali ma internship a ana a engineering amene amapita ku kampani miyezi itatu ya chilimwe. Ndinatulutsa foni, ndinawaonetsa pamene palembedwa kuti zotsatira za Match n'zomanga onse awiri, wophunzira ndi malo. Anawerenga, anati nzachilendo, afunsa akuluakulu, ndipo ndilembe imelo. Imelo yomwe ija! Ndinatuluka mdima utagwa, tsiku lonse la odwala litapita pachabe, m'manja muli kapepala komwe anandipatsa m'mawa. Zinali ngati kupita kuchigayo n'kubwerako ndi chimanga chako chosagaya, ndalama ya basi utalipira.

Amene anandipulumutsa ndi DCT wathu. Nditawafotokozera, anaimba foni okha kwa mkulu wa ofesiyo, ndipo sabata yomweyo ndinalandira yankho lolembedwa: CPT ya tsiku lonse ikhale yosakwana miyezi 12, ndipo masiku onse a CPT ya tsiku lonse amene ndinachitapo kale pa digiri yomweyi adzaphatikizidwa. Mfundo yachiwiriyi muimvetse. Ngati chaka china munagwira practicum ya chilimwe ya maola oposa 20 pa sabata ndi CPT, miyezi imeneyo ikuwerengedwa kale. Ya maola 20 kapena kucheperapo ilibe vuto. Funsani ofesi yanu, ndipo akuyankheni molemba, osati pakamwa. Pakamwa mawa adzati sitinatero.

Ndadumpha ma interview. Malo ambiri amakhala atakuuza pofika pa 15 Disembala ngati akuitana kapena ayi, ndipo masabata amenewo imelo umaitsegula ngakhale uli m'bafa. Kuyambira 2020 ambiri amachitira pa Zoom, zimene zinatipulumutsa ku ndalama za ndege ndi mahotela. Amayi ankafuna ndibwere ku Khirisimasi, koma ndinaona kuti interview ya 3 koloko masana ku New York ndiye 10 koloko usiku kwathu, ndipo ya ku California ndiye pakati pa usiku, kuwonjezera apo nkhawa ya magetsi ndi netiweki. Ndinakhala konkuno. Pafoni anandifunsa, "Mwanangu, ndiye akutumiza mzinda uti?" Nditati kompyuta ndi imene idzanene, anakhala chete pang'ono n'kunena kuti, "Sukulu zanuzi."

Mafunso ake ndi omwe mukuwaganizira: tiuzeni za wodwala amene anakuvutani, mungatani wodwala atanena kuti akufuna kudzipha, munasemphanapo maganizo ndi supervisor. Konzekerani nkhani za odwala ziwiri kapena zitatu zimene mukuzidziwa bwino, mayina ndi zizindikiro zonse mutachotsa. Koma pamapeto akati muli ndi funso, funsani la masiku. Ine ndinkati, "Ndili pa F-1, kodi n'zotheka kuti kalata yanga inene kuti ndimaliza masiku ochepa chaka chisanakwane, maola onse nditakwanitsa?" Ena anayankha nthawi yomweyo kuti anachitapo kale. Ena anati afunsa a HR, n'kundilembera pambuyo pake. Malo ena amene ndinawakonda kwambiri anati masiku awo sasunthika, ndipo ndinawatsitsa pa mndandanda ngakhale mtima unkawawa. Funso limeneli sililetsedwa. Choletsedwa n'kufunsana kuti mwandiika pa nambala yanji, iwo kapena iwe.

Mndandanda umaperekedwa kumayambiriro kwa Febuluwale. Pano anthu amadzivutitsa ndi masamu opanda pake, akuti ndiike pamwamba malo amene ndikuganiza kuti anandikonda. Ayi. Kompyutayo imayamba kuyesa malo ako oyamba, zikakanika imapita pa achiwiri, ndipo kuika pamwamba malo ovuta kulowa sikukuchotsera mwayi pa enawo. Njira imeneyi ndi ya mtundu womwe unapezetsa Alvin Roth ndi Lloyd Shapley mphoto ya Nobel mu 2012, ndipo inakonzedwa kuti kunena zoona kukuyendere bwino. Ikani mmene mukufunira. Kungoti malo amene simungapiteko, kapena amene akana kusuntha tsiku ndipo OPT mukuifuna, ganizani kawiri musanawalembe n'komwe.

Zotsatira zimatuluka Lachisanu lina chakumapeto kwa Febuluwale, m'mawa. Ine ndinapeza malo anga achiwiri, ndipo mkulu wa maphunziro kumeneko anaimba foni tsiku lomwelo. Mnzanga wina wa m'kalasi sanapeze, ndipo sikuti anali wofooka. Analowa gawo lachiwiri, limene limathamanga kwambiri n'kutha mu Malichi, anapeza malo abwinobwino. Amene atsalabe amayang'ana pa mndandanda wa malo otsala umene APPIC imatulutsa pambuyo pake.

Kalata itabwera ndinayamba kuwerenga masiku ndisanaone malipiro. Inali ndi 30 Juni. Ndinawatumizira a pamalowo imelo ija imene anandilonjezamo mu Januwale kuti adzasuntha tsiku, ndipo anaikonza popanda mkangano. Ndi chifukwa chake ndikunenetsa za kulemba. Kenako ndinabwereranso ku ofesi ya timbendera, ulendo uno ndi kalata, fomu yosainidwa ndi DCT, ndi umboni woti ndalembetsa kosi ya internship. Inde, umalembetsa ndi kulipira yunivesite chaka chimene sukupondako n'komwe, uli ku chigawo china ukulipira lendi ndi kamalipiro ka intern. Ndinafunsa ku dipatimenti ngati pali thandizo pa ndalama imeneyi, anandichotserako gawo, koma anachita zimenezi chifukwa ndinafunsa. Onaninso tsiku lotha ntchito pa I-20 yanu yakale, ngati likufika internship isanathe pemphani aliwonjezere lisanadutse. Ndipo I-20 yokhala ndi CPT ikhale m'manja mwanu tsiku loyamba lisanafike, ngakhale litakhala la orientation chabe, chifukwa kuyamba popanda iyo ndiye kuti mwagwira ntchito mopanda chilolezo.