Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Mawotchi opanda zigoba

M'gawo lathali ndinakusiyani nditangoyamba ntchito yosamalira okalamba ku Coventry, ku England. Lamulungu lina m'mawa, nditachezera pantchito usiku wonse, tulo tinakana kubwera. Ndinangolowera kumsika wa pabwalo kumene anthu amagulitsira katundu wakale kuseri kwa galimoto zawo. Pa tebulo la agogo ena aamuna panali chitini cha mabisiketi chodzaza ndi makina a mawotchi a m'thumba, onse ali pamtunda, opanda zigoba.

Nditafunsa, agogowo anapukusa mutu. Zigobazo zinali za siliva ndi golide, ndiye anthu anazisungunula kalekale, makina n'kuwasiya. Zinandikhudza kwambiri. Malemu bambo anga ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ku Limbe, ndipo ngakhale kasikuluwu kochepa ngati njere ya mawere ankakasunga m'bokosi la machesi. Ndinagula makina amodzi, amkuwa, olembedwa Liverpool m'zilembo zopotanapotana.

Kunyumba ndinavala padiso kagalasi kamene bambo anandisiyira. Ndinaona kagudumu ka mano 15 osongoka ngati minga, ndipo pambali pake kachitsulo kotchedwa lever, kokhala ndi timiyala tiwiri. M'mawotchi a ku Switzerland amene bambo ankakonza, lever imakhala pamzere umodzi ndi magudumu, koma ya ku England imagona cham'mbali. Ntchito yake ndi iyi: gudumu lina lalikulu, logwedezeka uku ndi uku, likamadutsa, limakankha lever, iyo n'kumasula dzino limene inagwira. Dzinolo limatsetsereka pa kamwala n'kubwezera mphamvu ku gudumulo, kenako lever imalisiya kuti lizungulire lokha popanda choligwira. Lever yolisiya lokhayi anaitulukira Thomas Mudge cha m'ma 1750, ndipo mu 1770 anamaliza wotchi yotere ya Mfumukazi Charlotte ya ku Britain. Mawotchi akale a mtundu wotchedwa verge analibe ufulu umenewu, n'chifukwa chake ankataya nthawi.

Mtima unathamanga, ndinafuna kumva kugunda kwake tsiku lomwelo. Ndinapeza kiyi n'kuyamba kupukusa ndisanatsuke kanthu. Ndinangomva kuti thaphu! Tcheni chaduka. Mawotchi amenewa ali ndi katcheni kofanana ndi ka njinga koma kowonda ngati ulusi, kamene kamakulungika pa fusee, chitsulo chonga kachulu chothandiza kuti mphamvu ya sipuling'i isasinthe pamene ikutha. Pambuyo pake ndinawerenga kuti matcheni ambiri otere ankalumikizidwa pamanja ku Christchurch, kumwera kwa England, ndi amayi ndi ana. Chinthu chimene chinakhala zaka zoposa 100 chili bwino, ine ndinachidula m'kamphindi. Usiku umenewo ndinalira, ndikukumbukira mawu a bambo akuti wotchi yachilendo umayamba waiyang'ana tsiku lathunthu usanaikhudze.

Tchenicho chinanditengera miyezi itatu kuti ndichilumikize. M'miyezi imeneyo ndinadziwanso kuti dzina lolembedwa pa makina nthawi zambiri ndi la wogulitsa chabe. Ambiri ankapangidwa ku Prescot, kufupi ndi Liverpool, n'kutumizidwa kwa amisiri a ku London, Liverpool ndi kuno ku Coventry kuti akawamalize. Ku Chapelfields, dera la mu Coventry muno, nyumba za amisiriwo zikadalipo, zokhala ndi mawindo aakulu kuseri kuti kuwala kuzilowa pogwira ntchito.

Tsiku limene makina aja anagunda koyamba ndinaimbira foni mayi ku Bangwe, n'kuika foniyo pafupi kuti amve. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanangu, usachotse foniyo."