Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Amayi sanalodze munthu

Zikomo nonse amene munandilimbitsa mtima pa gawo lapita lija. Ena mwafunsa kuti ndinaloleranji kuchotsedwa thumbo lalikulu ndisanayambe n'komwe kudwala. Yankho lili pa maliro a bambo.

Mukukumbukira kuti azakhali anaima pakhomo pa siwa n'kuwaloza amayi chala, ati ndiwo anadyetsa mlongo wawo mankhwala otupitsa mimba. Amayi sanayankhe. Anangokhala pamphasa, nsalu kumutu, misozi ili chuchuchu. Nyimbo inaduka pakati. Palibe ndi mmodzi yemwe anawaikira kumbuyo, ngakhale amene ankadya nsima pakhomo pathu. Ine ndinali kamwana, ndinangogwira chitenje chawo.

Zaka zinadutsa. Ku Cape Town adokotala atandiunika m'matumbo anapeza tizotupa mazanamazana, matenda otengera kumtundu otchedwa FAP (familial adenomatous polyposis). Gwero lake ndi jini (kachidutswa ka malangizo a thupi kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa APC, imene akatswiri anaitulukira mu 1991. Jiniyi ili ngati mabuleki: imathandiza kuphwanya puloteni ya beta-catenin kuti maselo (tizigawo tochepetsetsa topanga thupi) a m'matumbo asamangochulukana. Aliyense ali nazo ziwiri, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo. Ine ya kwa bambo ndinabadwa nayo yowonongeka kale, ndiye inzake ikangofa mu selo lina lililonse, kachotupa kamamera pomwepo.

Kachotupa pakokha si khansa. Akatswiri ofufuza za khansa, Eric Fearon ndi Bert Vogelstein, anafotokoza mu 1990 kuti majini amawonongeka motsatizana, kwa zaka zambiri. Jini ya KRAS ikasokonekera imangolamula maselo kugawikana osaleka. Jini ya SMAD4 ikatayika, selo silimvanso uthenga woti lileke kukula. Jini ya TP53, imene imachititsa selo lowonongeka kudzipha lokha, nayo imatha. Zikatero maselo amaboola khoma la thumbo n'kulowa mumtsempha wotengera magazi a m'matumbo kupita kuchiwindi. Maso achikasu a bambo aja, mimba yotupa ija, inali khansa ya m'matumbo itafika kuchiwindi. Munthu wa FAP akapanda kuchitidwa opaleshoni, khansa siimuphonya kawirikawiri. Ndikanadikiranji?

Azakhali, ndikudziwa ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba. Agogo aamuna, bambo anu okuberekani, anapitanso ndi mimba yotupa amayi asanakwatiwe n'komwe pamudzi panu. Kholo likakhala ndi jini yowonongekayi, mpata woti mwana aliyense aitengere ndi 50 pa 100. Kupepesa amayi munakana, zimenezo n'zanu. Koma inu ndi asuweni anga kayezetseni.