Kuchokera ku Victoria Avenue mpaka ku Chichiri: tinakaona nyumba za khonsolo ya Blantyre

Ife a makomiti a chitukuko a m'mawodi a tauni ya Mangochi, pamodzi ndi anzathu a komiti ya msika, tinali ndi ulendo wa ku Blantyre wokaphunzira za kasamalidwe ka zinyalala ndi katoleredwe ka ziphaso zapamsika. Za zimenezo a mlembi alemba lipoti lawolawo. Ine andituma kuti ndifotokoze za masana a tsikulo, pamene tinayendera nyumba zimene khonsolo ya mzindawu yakhalamo kuyambira nthawi ya atsamunda.

Tinanyamuka kusanache, a Shehe atangotuluka ku mzikiti. Pa Ulongwe tinadutsa anthu akuyala kumene malonda, pa Liwonde tinaima kugula chimanga chootcha, ndipo pofika ku Zomba ambiri anali akusinza. Mu Limbe tinalowa dzuwa litakwera, minibasi yathu ikukwawa pakati pa makabaza.

Amene anatiperekeza, bambo wachikulire wopuma pantchito, anayamba kutitengera ku Town Hall yakale, mu msewu wa Victoria Avenue. Munthu wosauzidwa angathe kuidutsa osaicheukira, chifukwa nyumba za mabanki ndi maofesi zaiposa msinkhu kalekale. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamwalira mu 1901. Apa n'kuti khonsolo ya Blantyre ili ndi zaka zochepa chabe, ndipo tauniyo inali itamera pafupi ndi mishoni ya Church of Scotland ya mu 1876.

Atangotchula dzina la mfumukaziyo, amayi a msungichuma anawadula mawu. "Abambo, ndiye kuti ndi mwini wake wa wotchi yathu ija?" Anali atalasa. Nsanja ya wotchi imene ili kwathu kuno pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ndi chikumbutso cha mfumukazi yomweyo, chomangidwa m'zaka zomwezo, Mangochi ikutchedwa Fort Johnston. A ku Blantyre anasankha holo, a kuno anasankha wotchi. Ambiri mwa ife timazungulira nsanjayo tsiku ndi tsiku popita kumsika, timaona mfuti ya sitima ya Guendolen ndi chikwangwani cha anthu amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, koma kuti ili ndi mbale wake ku Blantyre tinakamvera komweko.

Tinaima nthawi yaitali pakhomopo, ndipo nkhani inatentha pamene a tcheya anafunsa kuti amene ankalowa m'holomo anali ndani. Yankho lake silinali lokoma. Khonsolo ya masiku amenewo inali ya azungu eni mapoloti ndi masitolo. Iwo ndiwo ankasankhana, iwo ndiwo ankapanga malamulo a misewu, zimbudzi ndi misika. Wakuda ankaumba njerwa, kusesa ndi kunyamula makalata, kenako madzulo n'kubwerera kumidzi ya kunja kwa tauni, monga ku Ndirande. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anati nyumba yotereyi ndi yofunika kungoigumula, pamangidwe mashopu. A Shehe anamuyankha modekha: "Mwana wanga, ukaigumula, mdzukulu wako udzamuonetsa chiyani akadzafunsa kuti tinachokera pati?" Ine ndili mbali ya a Shehe. Ndinapapasa khoma lake n'kuganiza za anthu amene anaponda dothi la njerwazo, amene maina awo sanalembedwe pena paliponse. Nyumbayo ndi yawonso.

Chifukwa chimene khonsolo inasamukira sichovuta kuchimvetsa ukaona mapu. Limbe poyamba inali tauni payokha. Njanji itafika mu 1908, ndipo kampani ya fodya ya Imperial Tobacco itakhazikika kumeneko, Limbe inakula msanga mpaka kukhala ndi khonsolo yakeyake mu 1909. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu matauni awiriwa ankayendetsedwa padera, ngakhale kuti anali oyandikana ngati mitala ya bambo mmodzi. Anawaphatikiza mu 1956, ndipo mu 1966, chaka chimene Malawi anakhala lipabuliki, Blantyre inakwezedwa kukhala mzinda. Kaholo ka mu 1903 sikakanatha kusenza zonsezi.

Ndiye tinakwera minibasi kupita ku Civic Centre ku Chichiri, kumene kuli maofesi a khonsolo masiku ano. Malowa ali pakati penipeni pa Blantyre ndi Limbe, ndipo otiperekeza aja anati m'kuona kwawo zinachita kutero kuti pasakhale wodandaula kuti amutaya kutali. Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, bwalo la Kamuzu Stadium ndi chipilala cha ufulu. Msewu umene tinadzera ndi wa Masauko Chipembere, ndipo apa anthu a ku Malindi amene tinali nawo anayamba kudzitukumula, popeza Chipembere ndi wakwawo. Wina anakumbutsa kuti mu February 1965 iyeyu ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston usiku, n'kukabwerera pa doko la Liwonde. Dalaivala anangoseka n'kunena kuti a Mangochi sasowa chodzitamira.

Ku Civic Centre n'kotakasuka: malo oimika magalimoto, makonde, maofesi ambirimbiri. Koma chimene chinandikhudza ndi anthu amene anali pamzere. Panali mayi wobereka mwana atagwira risiti ya msonkho wa nyumba, mnyamata wofuna laisensi ya golosale, ndi bambo wina atapinda pulani ya nyumba kukhwapa. Onsewa ankalowera khomo lakumaso popanda wowafunsa kuti akufuna chiyani kumalo a azungu. Tikamanena zoti ufulu unabwera, kwa ine chithunzi chake ndi mzere umenewu, ngakhale oima pamzerewo mwina sakanavomera msanga, miyendo ikuwawa.

Komabe nyumba yaikulu siyokwanira payokha. A tcheya anatikumbutsa kuti lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 litabwera, makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lonse linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha mu 2014. Zipinda zokambiranamo zinalipo, mipando inalipo, koma oimira anthu kunalibe. Enafe zaka zimenezo tikuzikumbuka bwino: mpope ukafa kapena ngalande ikatsekeka, unkasowa womuuza m'dera lako.

Tisanabwerere tinadutsa ku Mandala House, nyumba yosanja ya mu 1882 ya kampani ya African Lakes, kumene bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Nthawi inali itatha, moti tinangosuzumira.

Pobwerera m'galimoto munabuka funso limene linatisowetsa chonena: kodi khonsolo yathu ya Mangochi inayambira m'nyumba iti, nanga yasamuka kangati? Aliyense anatchula yake, ndipo a msungichuma ndi a mlembi anatsutsana kuchokera pa Namadzi mpaka pa Thondwe. Tinagwirizana kuti anthu awiri apite ku Lake Malawi Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kwathu kuno, akafunse ngati kuli zithunzi za maofesi akale a boma, ena akacheze ndi akuluakulu amene anagwirapo ntchito ku khonsolo. Zimene apeze adzazibweretsa pamsonkhano wa mwezi wamawa. Amene sanamalize kupereka ndalama ya mafuta aonane ndi a msungichuma lisanafike tsikulo.