Masilipasi a pinki ku Sendai

Popeza chithunzi chija cha ine ndi masilipasi a pinki kuno ku Japan chafika kale pagulu lathu la WhatsApp, ndipo ena mwayamba kundiitana kuti a Toire-sensei (aphunzitsi a kuchimbudzi, m'Chijapani), lekani ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu.

Munali mu Disembala, paphwando la aphunzitsi lotseka chaka. Eni ake amati bonenkai, phwando loiwalira chaka, koma ine sadzandiiwala. Tinakhala pa tatami, mphasa zawo zija zimene amapondapo ndi masokosi okha basi. Ku Japan sudzithirira wekha mowa, amakuthirira mnzako, ndipo mnzanga wapamtima, mphunzitsi wa masewera, ntchito imeneyi anaigwira ngati kuli malipiro. Posakhalitsa chikhodzodzo chinayamba kudandaula.

Kuchimbudzi kumakhala masilipasi akeake, osatuluka nawo. Lamuloli ndimalidziwa, musandione chonchi. Ndinapeza a pinki, olembedwa "toire" m'zilembo zawo, phazi langa la masentimita 29 chidendene chonse chili panja. Ndikusamba m'manja ndinamva dzina langa: nthawi yoti mlendo alankhule! Mawuwo ndinali nditawaloweza kwa milungu iwiri. Ndinathamanga.

Ndinalankhula bwino, abale. Chijapani chosalala. Anthu 30 onse anali duu, maso pansi, ine n'kumati ulemu umenewo. Pomaliza ndinawerama monga mwa mwambo, ndipo maso anga anakumana ndi mapazi anga.

Pinki. Pa tatami. Pafupi ndi mbale ya sashimi (nsomba yaiwisi) ya ahedi.

Msana unakana kudzuka. Ahedi, a kocho-sensei, anawerama pondiyankha, anadzuka, anandipeza ndikadali pansi, ndiye anaweramanso mopitirira poyamba. Achiwiri awo poona bwana wawerama, nawonso pansi. Mayi wa masamu pansi. Chipinda chonse chinagwa ngati chimanga cha mphepo ya mu Febuluwale, aliyense kudikira mnzake. Ine pansipo ndinali paulendo: sitima kupita ku Narita, ndege kudzera ku Addis Ababa, Lilongwe, minibasi, kumudzi, kukalima fodya, dzina n'kusintha. Ndinawerenga ngakhale ulusi wa mphasa. Ndinapempha kachivomezi kakang'ono, poti kuno sizisowa, koma tsiku limenelo nthaka inangoti zii.

Komatu tinene zoona. Kwathu patapata mmodzi amapita kubafa, kumsika, kumaliro, zikavuta ngakhale kutchalitchi, ndipo palibe anakomokapo. Kuno ndimavula nsapato pakhomo la sukulu, ndivale zam'kati, muholo ya masewera zinanso, kuchimbudzi zinanso. Munthu mmodzi, mapazi awiri! Ngati masilipasiwo ndi oopsa chotero, bwanji osawamanga chingwe ngati cholembera cha kubanki? Ndiponso amene ankathira mowa uja ndani? Yemweyo ndi amene anajambula chithunzi.

Anatipulumutsa ndi mayi woperekera zakudya. Anabwera chogwada ndi kansalu, kupukuta paliponse ndinaponda, uku akupepesa kwa ine, "sumimasen, sumimasen," ngati masilipasiwo anandivala okha. Ndinawavula, ndinawanyamula ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Kusukulu palibe anatchulapo nkhaniyi, mpaka lero. Kungoti titatsegulira mu Januwale ndinapeza kaphukusi patebulo panga, kokutidwa bwinobwino, kopanda dzina. Masilipasi a pinki, saizi 29.

Ndimavala kunyumba. Ndi ofewa ndithu.